Galimoto yodula chonchi, chitsulo n'kumata ndi guluu?

Anzanga, nkhani ya magalimoto amagetsi a Tesla ikundiwawa mtima. Ku America ena analipira pafupifupi madola 100,000 kugula galimoto ya Tesla yotchedwa Cybertruck, koma madandaulo sakutha.

Mu April 2024 kampaniyi inaitanitsa ma Cybertruck 3,878 kuti akakonzedwe chifukwa chovindikira cha pachopondera moto chinkasuntha n'kukodwa, galimoto n'kumathamangabe dalaivala atachotsapo phazi. Zinapezeka kuti kufakitale ankapakapo sopo kuti chovindikiracho chilowe mosavuta. Mu March 2025 anaitanitsanso oposa 46,000, poti chitsulo cha m'mbali mwa galasi lakutsogolo, chomwe anachimata ndi guluu, chinkatha kumatuka pamsewu.

Koma chondiopsa kwambiri ndi zitseko za Model Y, mtundu wina wa galimoto za Tesla. Batire laling'ono likafooka, chitseko sichitseguka ukakhala panja. Makolo ena anachita kuswa galasi kuti atulutse ana awo, mpaka bungwe la boma la America loona za chitetezo cha pamsewu, la NHTSA, linayamba kufufuza mu September 2025. Amati mkatimo muli potsegulira ndi dzanja, koma khanda lomangidwa pampando, dzuwa likuswa mtengo, lingatsegule bwanji? Ineyo mwana wanga sindingamukweze m'galimoto yotere mpaka atazikonza zitsekozo.