Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Kamsomali m'nsapato

Gawo lapita lija ndinakusiyani ndili pabenchi ya kukiliniki, atangondiuza kuti ndili ndi shuga. Munali mu 2016. Makina anawerenga 14 ndisanadye kanthu, pomwe a nesi anati ikangofika 7 munthu ali ndi njala ya m'mawa, matenda alipo. Anandipatsa metformin, mankhwala a shuga, ine n'kukamuponya m'kabati ya kushopu pamodzi ndi masipoko a njinga.

Amene mumandidziwa pa Kapata mukudziwa kuti ndine wa mtima wapachala. Kasitomala akanenerera mtengo wa tayala ndinkalalata mpaka misempha ya m'khosi kutuluka, anyamata onyamula anthu panjinga n'kumaombera m'manja. Makani nawonso, osanena. Mankhwala ndinkamwa tsiku lokhalo limene ndamva chizungulire, ndipo wondifunsa za thupi ndinkamuyankha kuti ndili bwino, ayang'ane zake.

Alongo anga aakulu ku Katete ali ndi matenda omwewa, anandiyambirira ndi zaka zinayi. Iwo ndi ofatsa, a dongosolo mpaka kunyansa. Ali ndi kope la ana a sukulu momwe amalemba manambala a shuga ndi a BP, nsima amadya mtanda umodzi, madzulo aliwonse amayang'ana kuphazi ndi kagalasi. Ndinkawaseka kuti akudziweta ngati nkhuku ya chizungu.

Mu Okutobala 2021, dzuwa lili phwee, ndinabwera kunyumba n'kuvula nsapato pakhonde. Amayi akunyumba anaona sokosi itauma gwa ndi magazi. "Atate a Chisomo, mwaponda chiyani?" Tinapeza kamsomali kataboola soli, nsonga ili m'kati. Ndinayenda nako tsiku lonse, osamva ngakhale kuyabwa.

Kuchipatala a nesi ananditsinzinitsa, n'kumandigunda kuphazi ndi kaulusi kolimba ngati ka mbedza. "Mukumva, bambo?" Ine, "Eya." Anafunsanso, ine eya. Kenako anaseka pang'ono. "Ulendo uno sindinakukhudzeni n'komwe." Manyazi amene ndinamva pamenepo anaposa chilonda.

Anakhala pansi n'kundifotokozera. Shuga ikakhalitsa yokwera imadya makoma a mitsempha ya magazi. Timitsempha tating'ono tikaonongeka, maso amachita chidima, impso zimafooka, mapazi amachita dzanzi ngati langali. Ikuluikulu ikatsekeka ndiye sitiroko, matenda a mtima, kapena chilonda chosapola mpaka kudula mwendo. Amayi akunyumba, amene anali chete nthawi yonseyi, anangoti, "Auzeninso za ukali." Ndinawayang'ana ndi diso loipa, koma a nesi sanazitaye. Anati munthu akapsa mtima thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, timene timakweza shuga ndi BP nthawi imodzi, ndipo wokwiya tsiku ndi tsiku amakhala akukankha mitsempha yotopa kale. Koma chachikulu, anatero, ndi chimene khalidwe limakuchititsa: kudumpha mankhwala, kujomba tsiku la sikelo ya shuga, kunama ngati mmene ndinanamira mphindi zisanu zapitazo. BP yanga tsiku limenelo inali yokwera, 168/100.

Mpaka lero sindivomereza kuti kufatsa ndi mankhwala. Ndawaona ofatsa atadulidwa zala. Koma mayi mmodzi anatibereka, ine ndi alongo anga, matenda ndi amodzi, iwo amatunga singano opanda magalasi, ine phazi lamanzere ndimaliponda ngati la munthu wina.

Chilonda chinatenga masabata 9 kuti chitseke. Sabata yachitatu alongo anakwera basi kudzandiona. Sananene zambiri. Anatulutsa m'chikwama kope latsopano la masamba 40, atalemba kale mizere ndi rula, n'kuliika pampando pafupi ndi phazi langa lomangidwa. Ndinalisiya pomwepo masiku anayi osalitsegula.

Za tsiku limene anandithira mankhwala m'maso kuti aone kumbuyo kwa diso, ndi zimene anapeza, tikumane gawo likubwerali.