Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Wolemba ndi wa ndani?

Gawo lapita ndinalekeza nditangofika ku Mysore, kumwera kwa India, kukachita maphunziro a zolembalemba. Kachipinda ka lendi ndinakapeza kwa mayi ena achikulire, kufupi ndi Yadavagiri, kumene kuli nyumba ya wolemba nthano R.K. Narayan yomwe masiku ano alendo amakaona.

Narayan anabadwira ku Madras mu 1906. Kwawo ankalankhula Chitamilu, zaka zambiri anakhala ku Mysore pakati pa olankhula Chikannada, koma nthano zake ankalemba m'Chingerezi. Buku lake loyamba linatuluka ku London mu 1935, wolemba wa ku England Graham Greene atamuthandiza kupeza wosindikiza. Ine ndinkamukonda zedi. Anthu a m'tauni yake yopeka ya Malgudi, eni timagolosale, aphunzitsi, ana ojomba kusukulu, ndinkachita kuwamva mawu awo.

Nditawafunsa mayi aja ngati anawerengapo mabuku ake, anapukusa mutu. Iwo ankawerenga Chikannada chokha. Malgudi anaidziwira pa TV, pa sewero lomwe linayamba mu 1986. Munthu wolemba za anthu ngati iwowo, woyenda misewu yomweyo, koma masamba ake anali otseka kwa iwo.

M'kalasi namo nkhani inali yomweyi, ndipo inkatentha. Anzanga ankanyadira U.R. Ananthamurthy, amene ankaphunzitsa Chingerezi pa yunivesite ya Mysore, digiri yake yaukachenjede anakatenga ku Birmingham, komabe nthano zake ankalemba m'Chikannada. "Ameneyo ndiye wathu," ankatero. Anali asanamukhululukire wolemba wina, Salman Rushdie, amene mu 1997 ananena kuti zolemba za Amwenye za m'Chingerezi zikuposa za m'zinenero za dzikolo.

Sindinavomere kuti Narayan ndi mlendo kwawo, ndipo mpaka lero sindivomera. Mtamilu ndi Mbengali nthawi zambiri amakumanira m'Chingerezi momwemo, ndipo bungwe la zolembalemba la dzikolo, Sahitya Akademi, limachiwerengera pa zinenero 24 zimene limaperekera mphoto. Koma ululu wa anzangawo ndinkaumva m'chifuwa mwanga. Ndinali ndi kope lodzaza ndakatulo zonena za amayi anga ku Ntcheu, zonse m'Chingerezi chimene tinachiphunzira ndi chikwapu, tikagwidwa tikulankhula Chichewa pasukulu. Amayiwo sakanatha kuwerenga ngakhale mzere umodzi.

Mwezi womwewo ndinagula kope lina n'kuyamba kulembamo m'Chichewa. Zinandivuta kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo amene anandithandiza ndi munthu amene sindinkamuyembekezera. Za iyeyo ndikuuzani m'gawo likubwerali.