Ndinkaopa khonsolo ngati apolisi, mpaka nkhani ya mwana wanga inandikankha

Amayi anzanga amene muli kuno ku England, ndi inu akumudzi amene mumatifunsa kuti kodi ana mukuwalera bwanji kumeneko, nkhaniyi ndakhala ndikuizengereza miyezi ingapo. Koma Lamulungu lapitali titaweruka kutchalitchi mayi wina anandikokera pambali pafupi ndi khomo, maso ali psuu, akuti kusukulu amuuza kuti mwana wake akufunika thandizo lapadera nde alembere kukhonsolo, koma iyeyo akuopa kuti dzina la mwana likangolowa mu kompyuta ya asosho, ogwira ntchito a khonsolo oona za chitetezo cha ana, basi adzamulanda. Ndinangomugwira dzanja. Mawu amenewo anali anga ndendende zaka ziwiri zapitazo.

Mwana wanga wachiwiri, wamwamuna, anakwana zaka 4 asanayambe kuyankhula. Ankatenga masipuni onse mu drowa nkuwandandalika pansi kuchokera kukhitchini mpaka pakhomo la bafa, ukangochotsapo imodzi kulira kwake ngati wapsa ndi phala. Agogo ake pa WhatsApp ankati "musiyeni mwana, amalume ake aja anayankhula ali ndi zaka 5 lero pakamwa satseka", ndipo ine ndinkafunitsitsa kuti zikhale choncho. Atayamba sukulu foni inayamba kulira cha m'ma 11 koloko, bwerani mudzamutenge lero zavuta, mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, mashifiti a maola 12, bambo ake amagwira usiku nde amadzutsidwa atangogona maola awiri. Pambuyo pake achipatala anatiuza kuti ndi autism, vuto lobadwa nalo limene limakhudza kuyankhula ndi kucheza ndi anthu. Aphunzitsi amene amaona za ana ovutika kuphunzira, pasukulu iliyonse alipo amati SENCO, anatikhazika pansi nkunena kuti sukulu payokha yachita zimene ingathe, mwanayu akufunika EHCP, pepala la lamulo limene khonsolo imalemba kuti mwana uyu vuto lake ndi ili, thandizo lake ndi ili, ndipo tilipira ndife.

Ndinakhala mwezi wathunthu osalemba kalatayo. Mantha.

Mantha athuwa sachokera kumwamba, tonse tamvapo nkhani m'magulupu kuti wakuti analandidwa ana. Koma ndikanakonda wina akanandiuza msanga kuti wasosho sangangobwera pakhomo nkunyamula mwana ngati katundu. Lamulo la ana la 1989 limafuna chilolezo cha khoti, kapena kuti kholo lavomera lokha, apo ayi apolisi akaona kuti mwana ali pangozi pompo amatha kumusunga koma osapitirira maola 72. Inde akaona mabala pathupi la mwana amafufuza, ndipo lamba kapena chikoti kuno ndi mlandu, zimenezo tisanamizane. Koma kupempha thandizo la kusukulu ndi khomo lina, ogwira ntchito ake ena. Mantha achiwiri anali a viza, poti yanga inalembedwa kuti sindiloledwa kulandira ndalama za boma. Sukulu ya mwana siili m'gulu limenelo ayi, EHCP siili m'gulu limenelo.

Nde ndinalemba. Lamulo la 2014 limanena poyera kuti kholo likhoza kupempha lokha osadikira sukulu, khonsolo ili ndi masabata 6 kuti iyankhe ngati imuyeza mwanayo kapena ayi, ndipo ngati pepala lituluke, zonse zithe pa masabata 20. Anavomera kumuyeza, ndinavina kukhitchini. Ndinatenga kalendala ya kutchalitchi ija ili pa filiji nkuzunguliza ndi bolopeni yofiira tsiku lokwana masabata 20. Tsikulo linafika, linadutsa, zii. Sabata 24, zii. Sabata 28 ndinamva kuti amene ankagwira fayilo yathu anasiya ntchito, watsopano sanawerengebe.

Apa ndi pomwe chimalawi changa chinanditayitsa nthawi. Kwathu ukakhala ndi nkhani kwa DC umadzuka mmamawa, kuvala bwino, kukakhala pa benchi, kupereka moni mwaulemu, akati bwerani mawa umabweradi mawa mpaka nkhope yako aizolowere. Kuno ofesi ilibe benchi, ilibe ndi khomo lomwe loti ugogode. Ndinkaimba foni pa buleki kuntchito nditabisala m'chipinda chochapira, nyimbo ija ikulira m'khutu mphindi 25, kenako munthu waulemu kwambiri nkunena kuti uthenga wanga aupereka. Ine nkumati zikomo kwambiri, pepani ndakuvutitsani. Miyezi iwiri ndikuthokoza ndi kupepesa, mwana ali pakhomo 11 koloko akundandalika masipuni.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wa ku SENDIASS, amenewa ndi alangizi aulere a makolo, dera lililonse lamulo limati akhalepo. Anandifunsa ngati ndinalemba dandaulo. Ndinati mayi ndadandaula mpaka mawu atha. Anati ayi, ndikunena dandaulo lolemba, lokhala ndi nambala yake. Ndi pomwe ndinazindikira kuti mafoni onse aja sanawerengedwe paliponse, kwa iwowo ine ndinali kholo lodekha limene likudikira bwinobwino. Usiku womwewo ana atagona ndinakhala pa tebulo ndi kapu ya tiyi mpaka inazizira, ndinalemba imelo yaifupi, tsiku limene ndinapempha, tsiku limene masabata 20 anakwana, masiku amene mwana wabwezedwa kusukulu, ndi chimene ndikufuna, tsiku lenileni limene pepala lituluke. Osakalipa, osatukwana, osapepesanso.

Polemba muja ndinayamba kufufuza kuti kodi anthu amenewa amayankha kwa ndani, ndipo zimene ndinapeza ndi zimene ndikufuna mayi wa kutchalitchi uja adziwe. Nkhani yake imayambira pa mwana wa chiafirika mnzathu. Victoria Climbié anachokera ku Ivory Coast, makolo ake anamupereka kwa wachibale kuti akaphunzire ku Ulaya monga mmene ife timaperekera ana kwa azakhali m'tauni, ndipo anamwalira ku London mu February 2000 ali ndi zaka 8, thupi lake lili ndi mabala 128. Asosho anamuonapo, achipatala anamuonapo, apolisi anamuonapo, aliyense kuganiza kuti mnzake ndi amene akuchitapo kanthu. Ndinalira nditawerenga, chifukwa makolo aja anachita chinthu chimene tonse timachita ndi mtima wabwino. Lipoti la Lord Laming, amene anatsogolera kafukufuku wa imfayi, linatuluka mu 2003, kenako lamulo la 2004 linati khonsolo iliyonse yoona za ana ikhale ndi anthu awiri odziwika ndi dzina amene sangaloze wina chala, mkulu wolembedwa ntchito amene amati Director of Children's Services, ndi khansala mmodzi wosankhidwa ndi mavoti amene nkhani za ana zili pamutu pake. Mayina awo ali pa webusaiti ya khonsolo yanu, aliyense akhoza kuwalembera.

Ine za khansala sindinkaziwerengera nkomwe. Ndinakulira nthawi imene kwathu kunalibe makhansala, aja a 2000 nthawi yawo itatha mu 2005 tinakhala opanda mpaka chisankho cha 2014, nde m'mutu mwanga khansala anali munthu woonekera pamaliro ndi pa kampeni. Koma wa kudera kwathu kuno amakhala pa laibulale Loweruka lina pamwezi kumva madandaulo. Ndinapita ndi fayilo yanga ya pulasitiki ndi mwana yemwe, anakhala pansi pa tebulo atatseka makutu nthawi yonse. Khansalayo sanalonjeze zambiri, anangoti funso lochokera kwa khansala ofesi imayenera kuliyankha, ndipo anandiuza za komiti ina ya makhansala imene ntchito yake ndi kufunsa mafunso akuluakulu a za ana, amati scrutiny. Miting'i yake ndi yapoyera, mapepala ake amaikidwa pa intaneti masiku angapo isanachitike, ndipo kukhonsolo kwathu munthu wamba amaloledwa kufunsa funso ngati walitumiziratu.

Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga nkupita. Chipinda chachikulu, matebulo ozungulira, aliyense maikolofoni yake, ife a kumipando ya anthu wamba tinalipo anayi basi. Pa sikirini anaonetsa tebulo la manambala, mabokosi obiriwira, achikasu, ofiira, ndipo mzere wa masabata 20 unali wofiira. Ndinauyang'ana mzere umenewo ndikuganiza kuti mwana wanga ali m'menemo, masipuni ake, mafoni a 11 koloko, tulo ta bambo ake, zonse zalowa m'kabokosi kamodzi kofiira ndipo anthu akumwa madzi nkupita pa mutu wotsatira. Atanditchula dzina ndinaimirira pepala likunjenjemera m'manja. Sindinanene za mwana wanga, paja salola kukamba nkhani ya munthu mmodzi, ndinangofunsa kuti ana amene adutsa masabata 20 akudikira, panopa akuphunzira maola angati pa tsiku, ndipo ndani akuwawerenga? Mkulu uja anayankha kuti chiwerengero chimenecho alibe pomwepo, abweretsa pa miting'i yotsatira. Khansala wina wachikulire anati zilembedwe mu maminitsi. Zinalembedwa, ndinakaziona ndekha pa intaneti.

Sindikunena kuti anthu a m'maofesi amenewa ndi oipa mtima. Amene anamaliza fayilo yathu anali mtsikana wotopa, mawu ake pafoni umachita kumva kuti wanyamula mafayilo osaneneka, ndipo vuto la kuchepa kwa akatswiri oyeza ana, ma educational psychologist, ndi la dziko lonse, zaka zapitazi mapepala otuluka pa nthawi yake mu England muno akhala pafupifupi theka lokha. Koma kutopa kwawoko asamasenzetse mwana wa zaka 5. Ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero nchakuti dongosololi limamvera amene ali ndi chizungu chakuthwa, nthawi yolemba maimelo, ena mpaka loya. Mayi wa mashifiti a usiku amene anaphunzitsidwa kuti wamkulu sayankhidwa, mwana wake amakhala kumapeto kwa mzere osati chifukwa vuto lake ndi laling'ono. Ngati makhansala akufunadi kuyang'anira bwino, asamangowerenga madandaulo amene afika, azifunsanso kuti kodi amene sakudandaulawo ndi ndani, ali kuti. Ambiri ndi ife.

Pepala linatuluka pa sabata 41, pamodzi ndi kalata yopepesa ya ndime ziwiri. Likabwera loyamba lija losamaliza amakupatsani masiku 15 kuti muliwerenge, chonde werengani gawo F mzere ndi mzere chifukwa ndi mmene mumakhala thandizo lenileni ndipo zolembedwa mmenemo khonsolo imakakamizidwa ndi lamulo kuzichita. Lathu linalembedwa kuti mwana "azipeza mwayi" wa katswiri wophunzitsa kuyankhula. Mwayi wake uti, kangati, ndani? Ndinabweza mpaka analemba maola ndi masiku. Akakana kumuyeza mwana kapena simukugwirizana ndi zimene alemba, kuli khoti lapadera la nkhani zimenezi, SEND Tribunal, muli ndi miyezi iwiri, kukasuma nkwaulere, ndipo pa milandu imene imafika pogamulidwa yoposa 9 pa 10 iliyonse imakomera makolo. Bungwe la IPSEA, lolangiza makolo za malamulo amenewa, lili ndi makalata achitsanzo pa intaneti, ine ndinatengera pomwepo. Nkhani ya kuchedwa ndi kusayankha, mukamaliza masitepe a madandaulo a khonsolo osakhutira, imapita kwa Ombudsman, ameneyu timamudziwa kale ndi kwathu komwe, wa kuno woona za makhonsolo ndi waulere koma musadutse miyezi 12. Komanso a Ofsted, oyendera masukulu, ndi a CQC, oyendera za umoyo, akabwera kudzayendera dera lanu pa nkhani za ana olumala ndi ovutika kuphunzira amatumiza mafunso kwa makolo kudzera kusukulu, musamangodilita imelo imeneyo, malipoti awo makhansala amawaopa kuposa ife.

Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ine chitseko chenichenicho sindinkachidziwa, ndinkagogoda pakhoma.

Panopa mnyamata wanga amakhala kusukulu mpaka 3 koloko, ali ndi womuthandiza wake m'kalasi, ndipo mwezi watha anakoka chitenje changa nkunena kuti "madzi", mu Chichewa, ndinawaimbira agogo ake pompo tonse kulira pa vidiyo. Sikuti zatha ayi, katswiri wa kuyankhula uja teremu ino wabwera kawiri kokha pomwe pepala likuti sabata iliyonse, ndalemba kale imelo Lachiwiri ndipo khansala uja ndamuikamo. Mayi wa kutchalitchi uja tapangana Loweruka likubwerali ndikaweruka, ndamuuza abwere ndi makalata onse a kusukulu ngakhale aja anawapinda nkuwabisa pansi pa matilesi, tidzakhala pa tebulo lomwe lija tilembe.