Amene amaseketsa ndi amene samasekedwa mu Room 222

Mtima wakhala pansi tsopano. Funso limene lakhala likundizunguza pa phunziro la kalembedwe ka masewero a pa kanema ndi ili: sewero la theka la ola lingaseketse bwanji anthu uku likukamba za tsankho, za nkhondo ya ku Vietnam kapena za mankhwala ozunguza bongo, osaoneka ngati munthu woseka pamaliro? Yankho lili mu Room 222, sewero la ku America limene linkaonetsedwa pa kanema wa ABC kuyambira 1969 mpaka 1974, lomwe anayambitsa ndi James L. Brooks. 

Nkhani imachitikira pa Walt Whitman High School, sukulu yongopeka ya ku Los Angeles komwe ana akuda ndi azungu amaphunzira limodzi. Akuluakulu alipo anayi. Pete Dixon, amene ankasewera ndi Lloyd Haynes, ndi mphunzitsi wakuda wa mbiri ya America, ndipo 222 ndi nambala ya kalasi yake. Liz McIntyre ndi mlangizi wa ophunzira. Seymour Kaufman ndi mphunzitsi wamkulu wotopa ndi ntchito, wolankhula mokuluwika. Alice Johnson ndi mtsikana amene akuphunzira kumene uphunzitsi, wachangu koma wophonyaphonya.

Chimene ndagwira n'chakuti nthabwala ndi zowawa sazithira mwa munthu mmodzi. Amazigawa. M'magawo ambiri kuseka kumachokera kwa Kaufman ndi Alice, ndipo amene akusekedwa ndi iwo eni, malamulo a sukulu, kapena mapepala osatha a mu ofesi. Mwana amene wasenza vuto la gawolo samasekedwa pa vuto lakelo ayi. Pete amaima pakati: mu ofesi amaseka nawo, akalowa m'kalasi amatsitsa mawu n'kufunsa funso. Ndiye woonera amapuma kwa akuluakulu, n'kubwerera kwa mwanayo ulemu wake uli chikhalire. Si mwangozi kuti mu 1970, pamene seweroli linalandira Emmy, mphoto ya za pa kanema ku America, ya sewero latsopano lopambana, osewera awiri amene analandiranso yawo anali Michael Constantine ndi Karen Valentine, amene ankasewera Kaufman ndi Alice. Katundu wa kuseka ankasenza ndi iwowo.

Zimenezi sizioneka ukangoonera. Zimaoneka pa timakadi, ndipo kwa ine palibe njira ina yoposa imeneyi, kaya buku likhale lalikulu chotani. Gawo limodzi ndi la mphindi pafupifupi 25 ukachotsa zotsatsa malonda. Ulionere katatu. Koyamba cholembera chikhale patali. Kachiwiri uimitse paliponse pamene malo kapena nthawi yasintha, n'kulemba pa kakadi kamodzi zinthu zinayi: malo, mphindi yoyambira ndi yothera, akufuna chiyani ndani, ndiponso chimene chasintha pofika kumapeto. Kachitatu utenge zolembera ziwiri, chofiira ndi chabuluu. Chofiira ulembe dzina la amene waseketsa, chabuluu dzina la amene wasekedwa. Ukatha uyale timakadito patebulo motsatana, uyang'ane pomwe pali dzina la mwana wa vuto uja m'chabuluu. Kusowa kwake ndiye phunziro lonse.

Zolakwika zake ndi zodziwika. Ena amalemba kakadi katsopano kamera ikangotembenuka, mapeto ake amakhala ndi mulu wa timakadi wosawerengeka, pamene chofunika ndi kusintha kwa malo kapena nthawi basi. Ena amakopera mawu a osewera m'malo molemba chimene chasintha; mawu amakoma, amakunyenga kuti wamvetsa. Cholakwika chachikulu ndi kudalira phokoso la kuseka. Seweroli ankalijambula ndi kamera imodzi ngati filimu, popanda anthu oonerera mu situdiyo, choncho kuseka kumene kumamveka m'magawo oyambirira ndi kojambuliratu, kochita kuikamo pambuyo, ndipo patsogolo pake anakusiya. Ukamawerenga nthabwala potsata phokosolo, ukuwerenga maganizo a amene anaikamo, osati a mlembi. Nthabwala zambiri za Kaufman zili pankhope ndi pa kachetechete amene amatsatira, ndipo kamera imodzi imalola kachetecheteyo kukhalapo. Gene Reynolds, amene ankayang'anira kapangidwe ka seweroli, ndi yemweyo anadzagwira ntchito pa M*A*S*H, sewero lina loseketsa lokamba za madokotala a ku nkhondo, ndipo ukadziwa zimenezo khutu limayamba kumva ubale.

Pang'ono za nyimbo: yoyambira ija anapeka ndi Jerry Goldsmith, ndipo imayenda kasanu n'kawiri m'malo mwa kanayi kamene tinazolowera. Yesani kuomba m'manja, muona phazi likutsala. Imakuuziratu kuti kuno zinthu siziyenda molunjika.

Chimene chimandiwawa n'chakuti m'kalasi timangouzidwa kuti "sakanizani zoseketsa ndi zokhudza mtima", ngati kuuza munthu kuti athire mchere m'ndiwo osamuuza kuchuluka kwake kapena nthawi yothirira. Mawu akuti kusakaniza ndi amene amasocheretsa. Wophunzira amakatenga mwana amene bambo ake achotsedwa ntchito n'kumupatsa nthabwala pakamwa, zonse ziwiri n'kufa. Kenako pepala limabwerako litalembedwa kuti "sizikugwirizana", popanda kunena kuti pati. Nthawi nayo ndi yochepa. Kuonera katatu ndi mphindi 75, kuphatikiza kuimitsa ndi kulemba zimapitirira maola awiri pa gawo limodzi, ndipo kuti uone chizolowezi cha olemba pamafunika magawo osachepera asanu. Teremu imatha munthu asanayale n'komwe timakadi take, osanena za bandulo ya intaneti.

Komabe pali pomwe sindinakhazikike. Pete amakhala wolondola kawirikawiri, wodekha kwambiri, moti nthawi zina ndimadzifunsa ngati kugawa kumeneku sikumulanda umunthu: sasekedwa kwenikweni ngati Alice, komanso vuto nthawi zambiri silikhala lake. Ukatengera njirayi osasamala, ukhoza kulemba mlaliki m'malo mwa mphunzitsi. Nanga ana ngati Bernie, amene amaseketsa okha m'kalasimo, tiwaike mbali iti tsiku limene vuto lagwera iwo? Kodi mlembi awalande nthabwala kwa gawo lonse, kapena nthabwalazo zisanduke chobisalira chawo? Ndikuona ngati chachiwirichi, koma chikakhala choona ndiye kuti cholembera chofiira ndi chabuluu zikumana pa dzina la mwana wa vuto, ndipo lamulo langa lija layamba kale kugwedera. Mwina pakufunika cholembera chachitatu, kaya.