Lachitatu: Funso la Agogo

Lero tinalawirira kukayendera mabanja amene ali m'kaundula wathu wa kafukufuku, ndipo mafunso anali omwe aja a chaka chatha: ndani wabadwa, ndani wamwalira, ndani wasamuka, ndani wabwera kudzakhala pano. Makomo ambiri tinangodutsa chifukwa panalibe chosintha.

Pakhomo lina tinakhalitsa. Agogo a pamenepo anataya mwana wawo wamwamuna miyezi itatu yapitayo, ndipo popeza anamwalirira kunyumba, tinayenera kuwafunsa mwatsatanetsatane mmene ankadwalira, ngati ankatsokomola, ngati anatupa miyendo, kuti madokotala adzayerekeze chimene chinamupha. Analowa m'nyumba n'kutulutsa buku lake la kuchipatala, lokulungidwa bwinobwino m'pulasitiki, ndipo masamba otsiriza anali osalembedwa. Ndikutsegula bukulo anandiyang'ana nati, "Mwanangu, mwatilemba zaka zonsezi, kodi mwapezamo chiyani?"

Ndinawafotokozera za ku Karonga, kumene kafukufuku wa mtundu umenewu anayamba mu 1979 pofufuza matenda a khate. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anthu oposa 120,000 analowa m'kafukufuku wa katemera, ndipo patapita zaka ofufuza anaona kuti katemera wa BCG, uja wa chifuwa chachikulu, ankateteza ku khate, koma sankathandiza pa chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Kuyambira mu 2002, m'midzi yozungulira Chilumba amalemba aliyense wobadwa ndi womwalira, ndipo kaundula ameneyu ndi amene anaonetsa kuti imfa za akuluakulu zinachepa ma ARV atayamba kuperekedwa mwaulere. Zoterezi wofufuza wongobwera mwezi umodzi n'kubwerera sangazione, makamaka kumadera kumene anthu ambiri amaikidwa m'manda popanda chikalata cha imfa.

Agogo anamvetsera mwaulemu, koma sindikukhulupirira kuti ndinawayankha. Iwo ankafunsa za mudzi wawo, za mwana wawo, ndipo kunena zoona, zotsatira za ntchito ngati yathuyi zimafika msanga kumisonkhano ya kunja kusiyana ndi pabwalo la amfumu. Ndinawalonjeza kuti funso lawo ndikalifikitsa kwa akuluakulu a kuntchito.

Madzulo, polowetsa za lero mu kompyuta, ndinachotsa dzina la mwana wawo pamndandanda wa amoyo, ndipo ndinaonetsetsa kawiri kuti zasungika, kuti amene adzapite chaka chamawa asadzawafunse agogo kuti iye ali kuti.