Kope lofiira la pambali pa modemu

Bilu ya foni ya mwezi woyamba titaika intaneti inaposa ndalama zonse zomwe intanetiyo inatipatsa. Ndinaiwerenga nditaimirira pakhomo la shopu, kenako ndinafuna mpando. Panali mndandanda wautali wa mafoni opita ku nambala imodzimodzi ya ku Blantyre, ambiri a mphindi imodzi kapena ziwiri. Foni iliyonse pamenepo inali nthawi yomwe modemu yathu, kabokosi kolumikiza kompyuta ku intaneti kudzera pa laini ya foni, inaimba, kwinako n'kuyankha, kenako n'kuduka kasitomala asanatsegule ngakhale imelo imodzi. Kasitomala sakanalipira poti sanaone kanthu. Olipira tinali ife, chifukwa foni ikangoyankhidwa, yalowa kale mu bilu.

Shopu yathu ili mu Zomba, ndipo inayamba ngati malo otayipira. Ndinagwirapo ntchito ya usekilitale, ndiye ntchito itatha ndinatenga kandalama komwe anandipatsa n'kugula kompyuta ziwiri zogwiritsidwapo kale ndi makina osindikizira. Ophunzira a ku Chancellor College ankabwera ndi mapepala olemba pamanja kuti ndiwatayipire, ndipo ndi iwowo amene sankatopa kufunsa kuti, "Mayi, imelo mulibe kodi?" Intaneti yogulitsa kwa anthu wamba inali itafika m'Malawi muno mu 1997, koma malo oti munthu n'kungolowa n'kulipira mphindi zochepa anali owerengeka. Ena ankafuna kufunsira maphunziro kunja, makolo ena ankafuna kulembera ana awo ku Johannesburg ndi ku UK. Tinaonjezera kompyuta ina, tinagula modemu ya US Robotics, ndipo tinatsegula kutatsala miyezi ingapo kuti njala ya 2002 ifike pachimake.

Bambo a kunyumba ataona bilu ija anangoti, "Mayi, chinthuchi sichitimaliza mpamba?" Sindinawayankhe, chifukwa nanenso funso langa linali lomwelo.

Masiku amenewo zinthu zikavuta tinkaitana mnyamata wina wa ku Blantyre. Tinkamulipirira minibasi, nkhomaliro ndi ntchito yake, ndipo nthawi zina tinkamudikira masiku awiri shopu ili zii. Ulendo wake wachitatu ndinamuuza kuti, "Achimwene, lero musakonze nokha. Ndikulipirani chimodzimodzi, koma pa kiyibodi pakhale manja anga." Anavomera, ndipo ndimamuthokozabe mpaka lero. Anandiuza nditsegule HyperTerminal, pulogalamu yomwe inkabwera ndi Windows 98, ndisankhe COM1, pomwe nthambo ya modemu imalowera mu kompyuta, ndilembe zilembo ziwiri zokha: AT. Modemu inayankha kuti OK. Ndinalemba ATDT ndi nambala ya foni ya m'nyumba mwathu, ndipo ndinamva modemu ikuimbadi. Kabokosi komwe ndinkakaopa kaja kanali koti n'kulankhula nako, iko n'kuyankha. Madzulo omwewo ndinagula kope lachikuto chofiira n'kuliika pambali pa modemu.

Tsamba loyamba la kopelo ndinajambulapo ulendo wonse wa uthenga. Umachoka mu kompyuta kudzera pa COM, kulowa mu nthambo yokhala ndi mapini 9 mbali imodzi ndi 25 mbali inayo, kufika mu modemu, kulowa mu waya wa foni, mpaka kukafika pa modemu ya kampani yotigulitsa intaneti. Vuto lililonse limakhala pamalo amodzi mwa amenewa, ndipo ntchito yanga inali yopeza pomwe uthengawo wathera. Ndikalemba AT modemu osayankha, ndinkadziwa kuti kuimbira a mafoni n'kutaya nthawi, vuto lili patebulo pomwepa: nthambo yakhwefuka, ndasankha COM yolakwika, kapena liwiro silikugwirizana. Ikayankha OK koma n'kunena NO DIALTONE, ndinkatsata waya wa foni mpaka pakhoma. Manambala a Windows aja, omwe poyamba ankangondiopseza, anasanduka zikwangwani zolozera njira. 630 ndi modemu yosayankha, 680 ndiye kuti laini ilibe kulira kwake, 676 kwinako kwadzaza, 678 kwinako sakuyankha, 691 dzina kapena pasiwedi yakanidwa. Ndikaona 691 mtima unkakhala pansi, chifukwa kuti munthu akanidwe pasiwedi ndiye kuti nthambo, modemu ndi laini zonse zagwira kale ntchito yake.

Vuto lomwe linandisowetsa tulo sabata yathunthu linali la kompyuta imodzi yomwe tinaikamo modemu ya m'kati kuti izitithandiza inayo ikafa. Inkalumikiza bwinobwino, koma kasitomala akangoyamba kuyendetsa mausi, zonse zinkauma. Ndinasintha mausi, ndinasintha laini, osatheka. Kenako ndinawerenga kabuku kobwera ndi modemuyo kuyambira pachikuto, ndipo ndinapeza kuti COM1 ndi COM3 zimagawana IRQ 4, nambala yomwe chipangizo chimaitanira pulosesa, pomwe COM2 ndi COM4 zimagawana IRQ 3. Mausi yathu inali pa COM1, modemu pa COM3, ndiye zonse ziwiri zinkagogoda pachitseko chimodzi cha pulosesa. Nditasamutsira modemu pa COM4, vutolo silinabwerenso.

Kenako kunabwera mvula. Amene anakhalapo mu Zomba akuidziwa mvula yotsika m'phiri muja. Madzi akalowa m'malo olumikizira mawaya, laini imachita phokoso, ndipo modemu imamva phokosolo kuposa khutu la munthu. Pabokosi la modemu yathu panalembedwa 56K, koma liwiro limenelo sitinalionepo. Ngakhale pa laini yabwino, V.90, ndondomeko ya modemu zoterezi, imafika pafupi ndi 56K polandira pokha, potumiza imalekera pa 33.6K. Ife tsiku labwino tinkaona CONNECT 33600 kapena 28800. Ndinaphunzira kunyamula foni, kudina nambala imodzi kuti kulira kuleke, n'kumvetsera. Kukamveka kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto, ndinkadziwa kuti lero kuli ntchito. Chomwe chinatipulumutsa chinali chosayembekezeka: kuilamula modemu kuti isathamange. Ikamalimbana ndi liwiro lapamwamba pa laini yaphokoso imangokhalira kuyambiranso kugwirizana ndi inzake mpaka kuduka, koma ukaitsitsa dala imayenda pang'onopang'ono osaduka. Kasitomala amapirira tsamba lochedwa kutseguka. Chomwe sapirira ndi kalata yomwe wailemba kwa mphindi 20 n'kusowa. Tinapezanso kuti mbali ina ya phokosolo inali yathu yomwe, waya wautali wotchipa yemwe tinamudutsitsa pansi pa kapeti pafupi ndi nthambo za magetsi. Mphezi nayo inatiotchera modemu imodzi usiku, magetsi tili titazimitsa. Inalowera ku waya wa foni. Kuyambira pamenepo, kukangochita mdima kuphiri tinkazula mawaya onse awiri.

Makompyuta atakwana asanu, mlongo wanga wamng'ono, yemwe ankaphunzira ku Polytechnic, anatiikira Linux pa kompyuta yakale kuti iyo yokha ndiyo iziimba foni n'kugawira zinazo. Anaikamonso Squid, yosunga masamba omwe atsegulidwa kale, moti chithunzi cha tsamba loyamba la Yahoo sichinkachokeranso kutali kasitomala aliyense akafika. Iye atabwerera kusukulu ndinatsala ndekha ndi pppd, pulogalamu ya Linux yolumikizira intaneti pa modemu, ndipo apa m'pamene ndinaidziwa PPP, ndondomeko yomwe makompyuta awiri amatsata polankhulana pa waya mmodzi. Inalowa m'malo mwa SLIP, yomwe inalibe njira yoti mbali ziwirizo zikambirane kanthu kapena kuzindikira uthenga woonongeka m'njira. Mlongo wangayo anandisiyira mapepala a RFC 1661, chikalata cha 1994 chofotokoza PPP, ndipo ndinkawerenga pang'onopang'ono usiku ana atagona.

Ndinaimvetsa nditaiyerekeza ndi mlendo wofika pakhomo. Modemu zikagwirizana n'kunena CONNECT, mlendo wangofika pabwalo, sanalowe. Choyamba ndi odi ndi malonje, yomwe ndi LCP: mbali iliyonse imanena momwe ikufuna kuti alankhulirane, kukula kwa mapaketi ndi njira yodzizindikiritsira. Inayo imavomera ndi ConfAck, kapena imati tisinthe apa ndi ConfNak, kapena imakaniratu ndi ConfRej. Kenako eni nyumba amafunsa kuti ndinu yani. Pa PAP umangotchula dzina ndi pasiwedi poyera. Pa CHAP amakutumizira nambala, iwe n'kuisakaniza ndi pasiwedi yako n'kubweza zotsatira zake, pasiwediyo osayenda pa waya. Akakhutira m'pamene amakupatsa pokhala, yomwe ndi IPCP, pomwe umalandira adiresi ya IP. Ukaonjezera mawu oti debug m'fayilo ya pppd, kukambirana konseku kumalembedwa mzere ndi mzere, ndipo umaona ndi maso ako pomwe malonje athera.

Tsiku lina m'mawa intaneti inakana, chonsecho dzulo lake inali bwino. Modemu inkaimba, CONNECT inkabwera, pakapita kanthawi n'kuduka. Ophunzira anali atadzaza pabenchi panja. Kale ndikanaimba kakhumi ndikuyembekeza mwayi, bilu ikukwera. Tsikulo ndinaimba kamodzi ndi minicom, pulogalamu ya Linux yonga HyperTerminal, kuti ndione chomwe chikubwera pambuyo pa CONNECT. M'malo mwa mawu oti login omwe tinazolowera, pa sikirini panadzaza zizindikiro zooneka ngati zinyalala, zoyamba ndi ~ kenako } wambirimbiri. Ndinazizindikira kuchokera m'mapepala aja: amenewo anali mapaketi a LCP. Kwinako anali atayamba kulankhula PPP nthawi yomweyo, pomwe kafayilo kathu koimbira foni kankadikirabe kufunsidwa dzina. Aliyense ankadikira mnzake. Ndinafufuta mizere iwiri yodikirayo, ndinaika dzina ndi pasiwedi m'fayilo ya pap-secrets, ndipo pasanathe theka la ola anthu anali akuwerenga makalata awo. Tsiku limenelo ndinalilemba m'kope ndi inki yofiira.

Bilu nayo tinaigonjetsa pomwepo. Ndinapeza kuti kompyuta ija inkaimba yokha nthawi iliyonse pulogalamu ina ikafuna kanthu kunja, ngakhale mulibe kasitomala. Ndinaletsa zimenezo n'kuika idle 300, kuti pakapita mphindi zisanu popanda chodutsa izidula yokha.

Patapita zaka zingapo tinalimba mtima n'kulembetsa laini yathuyathu ya 64 kbps, yosaimba, yolipira pamwezi. Tinagula rauta, chipangizo cholumikiza makompyuta athu ku lainiyo. Inali ya Cisco, yogwiritsidwapo kale, yokhala ndi nthambo yonenepa ya V.35 yopita ku kabokosi ka a mafoni. Kuti ulankhule ndi rauta yotere umalowera pa console, ndi kanthambo kobiriwira ngati mtambo, pa liwiro la 9600, ndipo HyperTerminal yomwe ija inagwiranso ntchito. Koma laini inakana kudzuka. Ndikalemba show interfaces serial 0, yankho linali lomwelomwelo: Serial0 is up, line protocol is down. Masiku atatu tikulipira laini yosagwira ntchito, ena akuti vuto ndi waya, ena akuti rauta yathu ndi yakufa.

Bambo wina wachikulire wokonza mawaya anabwera tsiku lachitatu. Anandipeza nditatopa ndipo anati, "Mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyeni tiubweze uthengawu tione ngati ubwerere." Anatembenuza laini kuti zomwe tikutumiza zizibwerera kwa ife, ndipo rauta inalemba kuti looped. Waya analibe mlandu, rauta inali yamoyo. Ndinabwerera ku tsamba loyamba la kope langa: ngati njira ili bwino, ndiye kuti chavuta ndi malonje. Ndinawerenganso yankho la rauta lija modekha ndipo ndinaona mawu omwe ndinkawadumpha masiku onsewo, Encapsulation HDLC. Rauta za Cisco zimayamba ndi HDLC yawoyawo, ndondomeko ina yolankhulirana, ngati sunaziuze china, pomwe kwinako ankalankhula PPP. Ndinalemba mzere umodzi, encapsulation ppp, ndipo ndisanachotse dzanja pa kiyibodi panabwera uthenga woti line protocol yasintha, tsopano ili up. Bamboyo anavula chipewa n'kundigwira chanza.

Mbiri inayenda m'tauni kuti pashopu paja pali mayi wodziwa za modemu. Maofesi ang'onoang'ono, malo ogona alendo ndi mabungwe ena anayamba kundiitana, ndipo miyezi yomwe ophunzira ali patchuthi ndalama imeneyo ndiyo inkalipira lendi. Ndinkakana kukonza mwachinsinsi. Kulikonse komwe ndapita ndinkaitana mlembi wa pamalopo kuti akhale pambali panga, monga momwe mnyamata uja anandichitira, chifukwa ndinkadziwa kuwawa kwa kudikira munthu masiku awiri pa vuto la nthambo yokhwefuka.

Intaneti ya m'mafoni a m'manja itafala, benchi lathu la panja linayamba kukhala lopanda anthu, ndipo malo ambiri ngati athu anatsekedwa. Ife tinachepetsa makompyuta n'kubwerera ku kusindikiza ndi kufotokopa, koma ntchito yolumikiza maofesi inakula. Ma dongle, timodemu ta USB togwiritsa ntchito netiweki ya mafoni a m'manja, atabwera, anthu ankati zakale zija zatha. Nditalowetsa yoyamba mu kompyuta ndinaona yadzipangira COM yakeyake. Ndinatsegula HyperTerminal, ndinalemba AT, ndipo inayankha kuti OK. Inkaimba *99#, dzina lolowera pa netiweki ya kampani ya mafoni (APN) linkalowa ndi AT+CGDCONT, ndipo pambuyo pake pankabwera LCP ndi IPCP zomwe zija. Lero ndikamaika rauta ya faiba yofuna PPPoE, yomwe ndi PPP yodutsa pa nthambo ya netiweki, ndimapeza malonje omwewo, ndipo 691 ikadali nambala ya pasiwedi yokanidwa.

Mwezi wathawu anatiitana pa ofesi ina pomwe switch yawo, bokosi lolumikiza makompyuta a mu ofesi, inasiya kuyankha pa netiweki. Ndinapita ndi mtsikana yemwe tikumuphunzitsa ntchito, wobadwa modemu zoimba zitatha kale. Laputopu yake ilibe polowetsa nthambo ya mapini 9, ndiye tinagwiritsa ntchito kolumikizira ka USB. Atatsegula PuTTY, pulogalamu yonga HyperTerminal, pa sikirini panabwera zinyalala zokhazokha, ndipo anati, "Amayi, chinthuchi chapsa." Ndinamuuza ayang'ane liwiro lomwe wasankha. Linali pa 115200. Analitsitsa kufika pa 9600, anadina Enter kawiri, ndipo switch ija inamufunsa dzina.