Zikomo anthu a ku Mtandire, makamaka inu a Madala

Kuyambira Lamlungu ndakhala ndikulemba n'kufufuta. Tsitsi likununkhabe utsi ngakhale ndasamba kangapo, tulo sitikubwera, koma foni ikungolira, ndiye ndiyankhe kamodzi pano za moto umene unagwira nyumba yathu. Tonse tili moyo: ine, ana atatu ndi mayi anga. Zipinda ziwiri zakumbuyo zapita, khitchini yapita, malata a mbali imeneyo apindika ngati mapepala. Makina anga osokera apulumuka. Nyumba za anzathu zomwe zinagundana ndi yathu zilipo zonse. Ambuye alemekezeke.

Chiyambi chake mwamva kale. Magetsi anazima, mwana anayatsa kandulo, ndipo m'chipinda chomwecho mlongo wanga anasungamo chigubu cha petulo wa njinga yake ya kabaza, poopa mizere ija ya mafuta. Musamunene chonde, nayenso akulira, njinga yatsala mafupa okhaokha. Ndiye October uyu, chilichonse chili gwa, mphepo ikuomba, mipanda yonse ya udzu.

Ambiri a inu a Madala mumangowadziwa ngati agogo olondera mashopu usiku, ovala chijasi ngakhale kukutentha chotere, wezulo ili m'khosi. Ine ndiulule pagulu pano. Mwezi watha ndinakana kupereka K1,000 ya chitetezo, n'kuwauza m'maso kuti amangogona. Iwo sanayankhe kanthu.

Usiku umenewo wezulo yomweyo ndi imene inadzutsa dera lonse. Ine ndinathamanga ndi ndowa ya madzi kulunjika chipinda cha petulo, iwo n'kundigwira mkono. "Mayi, petulo sazimitsa ndi madzi! Amayandama pamwamba, mumwaza moto nyumba yonse. Mchenga!" Asanatero anali atatuma kale mnyamata wina kukathimitsa meni switchi, akuti magetsi akhoza kuyaka nthawi iliyonse ife tili m'madzi. Ndani wa ife akanaganiza zimenezo, tonse tikungokuwa? Anyamata anathamangira pa mulu wa mchenga wa aneba amene akumanga, ena ndi mafosholo, ena wilibala, ena mabeseni. Kenako a Madala analamula kuti mpanda wa udzu wapakati pa ife ndi aneba ugwetsedwe. Eni ake anayamba kudandaula, iwo anangoti, "Musankhe, mpanda kapena nyumba." Unagwa nthawi yomweyo.

Amayi anawaimika pamzere kuchokera pa kiyosiki ya madzi ndi pa chitsime, ndowa zikungodutsa m'manja, wina osachoka pamalo pake. Madziwo anati tinyowetse zitseko ndi mitengo ya madenga a nyumba zoyandikana, pamene panagwira kale patayeni. Mtima unandiwawa kumva zimenezo, inali nyumba yanga, koma anali kunena zoona.

Za mayi anga ndikulemba misozi ikutsika. Mukudziwa kuti miyendo yawo sigwira. M'chipwirikiti chonsecho aliyense ankayesa kuti mnzake wawatulutsa. A Madala anafunsa kamodzi kokha, ananyika bulangete mu ndowa, anadzifunditsa, n'kulowa chokwawa chifukwa utsi umakhala m'mwamba. Munthu wa imvi, woyenda chotsimphina. Anatuluka akuwakoka mayi pa mphasa, manja awo atapsa mpaka m'zigongono. Anthu anabwera ndi mazira, ena kolugeti, iwo anakana zonse, akuti madzi ozizira okha, muzingothira osaleka. Pa njira yopita ku chipatala ndi pamene anandiuza kuti anagwirapo ulonda zaka zambiri ku Kanengo, m'nyumba zosungira fodya, ndipo kumeneko ankawaphunzitsa za moto. Zaka zonsezi akhala pakati pathu, palibe anawafunsapo.

Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Inu a Madala mwazimira ndevu za munthu amene anakunyozani. Mundikhululukire, bambo anga. Mulungu amene anapulumutsa anyamata atatu aja m'ng'anjo ya moto achize manja anuwo, akupatseni masiku ambiri.

Zikomo ozimitsa moto, munafika ndipo munamaliza ntchito. Galimoto yanu sinathe kulowa, paja ife tinamanga mothinana mpaka njira inatsala ya njinga, koma munakoka mapaipi kuchokera ku msewu. Zikomo mayi a pa kiyosiki, munatsegula usiku osawerenga ndowa. Anyamata a kabaza amene munanyamula a Madala ndi mayi osafunsa ndalama. Amayi a Chigwirizano, zitenje ndi ufa zafika. Anzanga a banki m'khonde. Amfumu. Aneba athu achisilamu amene mwatipatsa chipinda, ana akugona bwino. Anamwino a ku Kamuzu Central Hospital, zikomo pomusamalira munthu wathu. Amene ndakuiwalani musakhumudwe, mutu sunabwerere m'malo.

Koma inu amene munaima poteropo mafoni ali m'mwamba, vidiyo yanu ndaiona pa WhatsApp, yajambulika bwino ndithu. Manja omwewo akanatha kugwira ndowa. Amene munatithandiza kutulutsa katundu mpaka TV ndi mapoto zinakafika kwanu, tikudikirabe, mwina mwangosunga. Ndipo achibale ena apafupi pomwepa ku Area 47, utsi munauona muli pakhonde, koma mpaka lero changofika ndi kachithunzi ka manja opemphera. Sindiwonjezera.

A Madala akhala m'chipatala masiku angapo ndipo sangathe kudya okha. Mkazi wawo anamwalira, ana ali kumudzi. Amene mungathe kuphika phala kapena kukakhala nawo masana mundiimbire, tikugawana masiku. Dzulo nditapita anangondifunsa zinthu ziwiri: ngati agogo adya, komanso ngati wina waona wezulo yawo. Mwana wanga waipeza m'phulusa lero m'mawa, chingwe chinapsa koma ikulira. Ndiwapititsira mawa, pamodzi ndi K1,000 ija.